Ngongole ndi Bondi za Ophunzira Unamwino: Kodi Lonjezo Limanga Wophunzira Yekha?

Chaka chilichonse, mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akangotuluka, pa ofesi ya parishi sipasowa alendo. Amabwera makolo ndi ana awo atanyamula mapepala m'maenvulopu, ena kudzapempha kalata ya umboni kwa Bambo Mfumu, ena kudzafunsa akatekisiti ngati n'kwabwino kusayina fomu imene mwana wabwera nayo. Ambiri mwa ana amenewa ndi ofuna kuphunzira unamwino ndi uzamba, ntchito imene kwa nthawi yaitali anthu akhala akuiona ngati khomo lotulutsira banja mu umphawi. Mapepalawo amasayinidwa mofulumira ndiponso mwachimwemwe. Zimene zidalembedwamo zimadzayamba kuwerengedwa bwino patapita zaka zitatu kapena zinayi, chimwemwe chija chitazirala.

Tiyerekeze mtsikana wina wa ku Area 10 muno mu Lilongwe. Dzina la dera limeneli likangomveka, anthu amaganiza za nyumba zikuluzikulu za mipanda ya njerwa, zokhalamo akazembe ndi akuluakulu ogwira ntchito ku Capital Hill. Koma kuseri kwa nyumba zimenezo kuli tinyumba ta antchito, ndipo m'menemonso mumakula ana anzeru. Mtsikana wathuyu bambo ake ndi mlonda kapena khukhi. Wakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo wasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences, sukulu imene idayamba m'chaka cha 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo nthambi yake ya ku Lilongwe ili pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central. Malipiro a bambo ake sangathe kusenza fizi, mabuku, yunifolomu ndi chakudya. Patsogolo pake pali njira ziwiri za thandizo, zimene anthu ambiri amangozitchula ndi dzina limodzi lakuti ndalama za boma, chonsecho n'zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi ngongole. Imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 2015. Zomuyenereza munthu kulandira sizovuta kuzimva: akhale Mmalawi, akhale kuti walandiridwa kale pa sukulu ya ukachenjede yovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, ndipo asonyeze kuti ndi wosowadi. Gawo la fizi limapita ku sukulu osadzera m'manja mwa wophunzira, ndipo palinso gawo la mabuku ndi la ndalama yodzisamalira. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma lidakweza ndalama yodzisamalirayi m'chaka cha 2024 kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pa chaka. Aliyense amene adafunsako mtengo wa chipinda cha lendi ku Kawale kapena ku Mchesi angathe kuwerengera yekha kuti ndalama yotere ingafike mwezi uti.

Mawu ovuta pa zoyenereza zonsezi ndi akuti wosowa. Umphawi sulembedwa pamphumi, ndipo adiresi imanamiza. Mwana wa mlonda akalemba kuti amakhala ku Area 10, wowerenga fomu angathe kumuyesa mwana wa bwana. Mwana wa bwana akalemba dzina la mudzi wa agogo ake, amene sadagoneko ndi usiku umodzi womwe, angathe kuoneka ngati wovutikitsitsa. N'chifukwa chake amene amapereka thandizo, kaya ndi boma, mabungwe kapena anthu akufuna kwabwino, amadalira umboni wa anthu omudziwa mwanayo kumene amakhala. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a m'miphakati. Kalata imene katekisiti kapena wapampando wa mphakati amalemba pofuna kungokondweretsa banja lodziwika m'parishi siithera pa banja limenelo. Thumba limene ophunzira onse amatapamo n'limodzi ndipo lili ndi malire. Malo amene wapeza wosayenera ndi omwewo amene wataya mwana wamasiye wa ku Nathenje kapena ku Malingunde, amene mwina sadadziwe n'komwe kuti fomu imalembedwa pa intaneti. Kunena zoona, kukana kusayinira mnansi n'kovuta, makamaka ngati ndi iye amene adathandiza kugula malata a tchalitchi. Komabe umboni wabodza ndi wabodza ndithu, ngakhale utadindidwa ndi chidindo cha parishi.

Ngongoleyi imabwezedwa ndi ndalama. Lamulo limapereka mpata wa zaka ziwiri wophunzira atatsiriza maphunziro, kenaka nthawi yobweza imakwana. Lamulo lomwelo limalamula olemba anthu ntchito kuti adziwitse bungweli akalemba munthu amene adakongola, ndi kuti azimudula ndalamayo pa malipiro ake. Bungweli lidapatsidwanso udindo wotolera ngongole zakale kuyambira chaka cha maphunziro cha 1985/86, ndipo lakhala likudandaula kuti ambiri amene adaphunzira ndi ndalama zimenezi sadabweze. Ena mwa iwo lero ndi anthu olemekezeka, okhala m'nyumba za kutsogolo zija, osati m'tinyumba ta kuseri. Pa mfundo iyi palibe chifukwa chozembera: amene adakongola, ali pa ntchito ndipo sakubweza, akudya fizi ya mwana wa mlonda wake.

Njira yachiwiri ndiyo imene ikufunika kuifatsira. Ndi thandizo limene silibwezedwa ndi ndalama koma ndi ntchito. Wina amakulipirira maphunziro, iwe n'kulonjeza polemba kuti ukatsiriza udzagwira ntchito kwa zaka zakutizakuti m'zipatala za boma kapena za mishoni, kulikonse kumene udzatumizidwe, ndipo ukaphwanya lonjezolo udzabweza zimene adakuwonongera. Mgwirizano umenewu ndi umene ophunzira amautcha bondi. Si boma lokha limene lagwiritsa ntchito njira imeneyi. Bungwe la GAIA, mwachitsanzo, lakhala likulipirira ophunzira unamwino kuyambira m'chaka cha 2005 pa mgwirizano wakuti wophunzira adzatumikire m'dziko muno kwa zaka zofanana ndi zimene adathandizidwa.

Kuti timvetse chifukwa chake bondi idaoneka yofunika, tiyenera kukumbukira m'mene zinthu zidalili kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. M'chaka cha 2004 nyuzipepala ya The New York Times idalemba kuti chipatala chachikulu cha mu Lilongwe, chimene chimayenera kukhala ndi anamwino 532, chidali ndi 183 okha. Amayi amene adachirira ku Bottom Hospital ku Old Town, kumene lero ndi ku Bwaila, amakumbukira mzamba mmodzi akuthamangira amayi angapo nthawi imodzi, ena atagona pansi. Anamwino ambiri adali atapita ku Britain, ena atalowa ntchito m'mabungwe olipira bwino, enanso atatengedwa ndi mliri wa Edzi. Dziko losauka linkaphunzitsa, maiko olemera n'kumakolola. Maepiskopi athu adali atanenapo kale za kuchepa kwa ogwira ntchito ndi kuthithikana kwa odwala m'zipatala mu kalata yawo yotchuka ya mu Marichi 1992, koma patatha zaka khumi vutolo lidali litakula koposa.

Boma lidayankha ndi ndondomeko ya padera yotchedwa Emergency Human Resources Programme, imene idakonzedwa m'chaka cha 2004 ndipo idathandizidwa ndi boma la Britain ndi thumba la Global Fund. Malipiro a magulu khumi ndi limodzi a ogwira ntchito za umoyo adawonjezeredwa ndi 52 peresenti, sukulu zidakuzidwa, ndipo boma lidayamba kulipirira ophunzira. Gawo lalikulu la ntchitoyi lidagwera sukulu za mipingo za pansi pa bungwe la CHAM, limene eni ake ndi maepiskopi a Katolika pamodzi ndi Malawi Council of Churches. Sukulu monga St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi St John's ku Mzuzu, limodzi ndi za anzathu za ku Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission, Malamulo ndi St Luke's, ndizo zimaphunzitsa anamwino ndi azamba a dipuloma ya zaka zitatu, amene ndiwo amapezeka kwambiri m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Kafukufuku amene adachitika m'chaka cha 2010 adapeza kuti chiwerengero cha ogwira ntchito m'magulu amenewa chidakwera kuchoka pa 5,453 m'chaka cha 2004 kufika pa 8,369 m'chaka cha 2009.

Chofunika kuona apa n'chakuti masiku amenewo mgwirizano udali ndi miyendo iwiri. Wophunzira ankalonjeza kutumikira, ndipo boma linkalipira fizi ndi kumulemba ntchito akangokhoza mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, amene amapatsa munthu chilolezo chogwira ntchito ya unamwino. Palibe amene ankafunsa kuti nanga ntchito ikadzasowa zidzatha bwanji, pakuti ntchito ndiyo inkasowa anthu. Bondi idasokedwa ngati chingwe chogwirira namwino amene aliyense ankamufuna.

Mwendo wa boma udayamba kutsimphina m'chaka cha 2009, pamene thandizo la fizi m'sukulu za CHAM lidaimitsidwa. Mabanja adauzidwa kuti azilipira okha ndalama zimene ambiri sakadazikwanitsa, ndipo chiwerengero cha olowa sukuluzi chidatsika kwambiri. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM, motsogozedwa ndi mayi Dorothy Ngoma pa nthawiyo, lidalimbana ndi ganizoli, ndipo pambuyo pake thandizo lidabwerera, koma phunziro lidatsala: lonjezo la boma lidali litatsamira pa ndalama za alendo. Kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill kotchedwa Cashgate kutaululika m'chaka cha 2013, maiko othandiza adasiya kuthira ndalama zawo mwachindunji mu bajeti ya boma. Pofika m'chaka cha 2015 zidayamba kumveka zimene kale zikadaoneka ngati nthabwala: madokotala ndi anamwino otsiriza maphunziro atakhala pakhomo, boma likuti lilibe ndalama zowalipira, kwinaku zipatala zikulira kusowa antchito. Kuyambira pamenepo wotsiriza maphunziro amadikira kuti ntchito zilengezedwe ndi kukapikisana ndi anzake mazanamazana. Ena amagwira maganyu a lokamu, ena amadzipereka m'zipatala polandira kangachepe, ena amasamala okalamba ndi odwala m'nyumba za anthu, ndipo ena adayamba geni pamsika.

M'chaka cha 2022 bungwe la NONM, likunena kuti anamwino oposa 2,000 adali opanda ntchito, lidakonza zoti ena mwa iwo akagwire ntchito ku America ndi ku Saudi Arabia. Boma lidaimitsa dongosololo. M'chaka cha 2023 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa mndandanda wa maiko 55, Malawi ali momwemo, amene ali ndi ogwira ntchito za umoyo ochepa kwambiri kotero kuti maiko ena sayenera kumakakopako anthu mwa dongosolo popanda mgwirizano wa maboma. Cholinga cha mndandandawu n'chabwino, ndipo suletsa munthu payekha kudzifunira ntchito kunja. Koma taganizirani m'mene zonsezi zimaonekera kwa mtsikana wathu wa ku Area 10 atatsiriza maphunziro. Ngati adasayina bondi, sangachoke. Ngati adatenga ngongole, zaka ziwiri zija zikutha. Boma silinamulembe ntchito. Maiko akunja auzidwa kuti asamukope. Ndipo mu Januwale 2025, dziko la America litaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ngakhale ntchito za m'mabungwe zimene zinkameza ena mwa anamwinowa zidachepa. Chingwe chimene adasokera namwino wothawa ntchito tsopano chamanga namwino wofuna ntchito.

Tisafulumire kunena kuti tsono bondi ingothetsedwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri, amaphunzitsa kuti malonjezo ayenera kusungidwa ndipo mapangano alemekezedwe, malinga ngati zimene adagwirizanazo n'zolungama. Namwino amene adaphunzira ndi msonkho wa mlimi wa fodya wa ku Kasiya, napatsidwa ntchito ku chipatala cha kumudzi, iye n'kuthawa patangopita miyezi itatu chifukwa kulibe magetsi, walakwira mayi woyembekezera amene adzafike usiku n'kupeza chitseko chotseka. Mlanduwo si wa pakati pa iye ndi unduna wokha. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mu kalata yake ya Laborem Exercens ya m'chaka cha 1981, adavomereza kuti munthu ali ndi ufulu wokafuna ntchito kunja kwa dziko lake, koma adanenanso kuti kuchoka kwakeko ndi kutaya kwa dziko limene lidamulera. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo bondi yolungama ndi njira imodzi yoziyanjanitsira: tumikira kaye amene adakuphunzitsa, kenaka pita kumene ufuna.

Koma chilungamo cha mapangano chimafuna kuti mbali zonse ziwiri zimangike. Bondi imene imatchula zaka za wophunzira, chilango cha wophunzira ndi mboni za wophunzira, koma osanena kanthu za tsiku limene wolipirayo adzapereke ntchito, ndi mgwirizano wopendekera mbali imodzi. Malamulo akulu a dziko lino, m'gawo 27, amaletsa kumangirira munthu pa ntchito m'njira yofanana ndi ukapolo. Sitikunena kuti bondi ndi ukapolo, pakuti munthu amasayina mwa kufuna kwake ndipo ali ndi njira yodziwombolera pobweza ndalama. Koma njira yodziwombolerayo ndi ya amene ali ndi ndalama. Mwana wa bwana, ngati adalowa nawo m'gulu la othandizidwa, bambo ake angathe kulipira tsiku limodzi iye n'kukwera ndege. Mwana wa mlonda, amene thandizoli lidakonzedwera, ndiye amatsala womangika. Apa ndi pamene bodza la pa fomu lija limabala chipatso chake chachiwiri.

Maganizo athu ndi akuti mgwirizano uliwonse wotere uzinena poyera nthawi imene wolipirayo ayenera kukhala atapereka ntchito, kaya ndi miyezi isanu ndi umodzi kaya chaka kuchokera tsiku limene namwino walandira chilolezo chake, ndipo nthawiyo ikadutsa, namwinoyo amasulidwe kapena zaka zake za bondi ziyambe kuwerengedwa. Miyezi imene munthu wagwira lokamu kapena wadzipereka m'chipatala cha boma kapena cha mishoni iyenera kulowa m'chiwerengerocho, pakuti odwala amene adawasambitsa mabala sadafunse ngati dzina lake lili pa mndandanda wa malipiro. Ku South Africa, kumene anamwino akhala akukakamizidwa kutumikira chaka chimodzi m'zipatala za boma kuyambira m'chaka cha 2008, chaka chimenecho ndi cha malipiro. Nakonso zimachitika kuti ena amachedwa kupatsidwa malo, koma lamulo lawo limazindikira kuti wolamula utumiki ndiye ayenera kupereka pogwirira. Pa nkhani ya ngongole, kungakhale kwanzeru kuti kubweza kuziyenderana ndi zimene munthu akupeza, ndi kuti namwino amene wavomera kukhala zaka zingapo ku chipatala chakutali, kumene ena amakana, azichotseredwa gawo la ngongole yake. Imeneyo ingakhale bondi yokopa m'malo mwa yoopseza, ndipo ingathandize malo amene amavutika kusunga antchito.

Ena adzati zonsezi zikufuna ndalama zimene boma lilibe. N'zoona kuti thumba la boma ndi loperewera. Koma m'chaka cha 2001 maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku za umoyo, ndipo zaka zambiri dziko lathu lakhala likulephera kufikapo. Limenelonso ndi lonjezo, ndipo palibe amene adalipitsidwa chindapusa chifukwa cholisweka. Komanso kuwononga ndalama pophunzitsa namwino zaka zinayi, kenaka n'kumusiya akugulitsa kaunjika, si kusunga ndalama ayi. Luso la manja limazirala likapanda kugwiritsidwa ntchito, ndipo mzamba amene watha zaka zitatu osalandira mwana amafunika kumuphunzitsanso.

Mpingo nawo sungaime patali n'kumaloza chala. Sukulu zingapo zimene zimatulutsa anamwinowa ndi zathu, ndipo zipatala monga Likuni, St Gabriel ku Namitete ndi Mtengowanthenga ndi za m'Arkidayosizi yathu. Kuyambira pa mgwirizano wa m'chaka cha 2002, boma ndilo limalipira malipiro a ogwira ntchito za umoyo m'zipatala za CHAM, zimene zikutanthauza kuti boma likatseka chitseko cholembera anthu ntchito, chathunso chimatsekeka. Tsono n'koyenera kuti oyendetsa sukulu zathu aziuza makolo zoona zake pa tsiku lolandira ophunzira: kuti dipuloma si kalata ya ntchito, ndi kuti fizi imene banja lagulitsira ng'ombe kapena munda mwina siidzabwerera msanga. N'koyeneranso kuti mapepala a mgwirizano, amene kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, azimasuliridwa kwa kholo kapena mboni m'chilankhulo chimene amamva. Ndipo maepiskopi, amene amakhala pa tebulo limodzi ndi unduna wa za umoyo kudzera ku CHAM, ali ndi mpata wopempha kuti mfundo ya nthawi yolembera ntchito ilowe m'mapangano amene ophunzira a m'sukulu zawo amasayina.

Akulu akale adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, pokumbukira Herode amene adalumbira asanaganize. Bambo a mtsikana uja akafika pa ofesi ya parishi ndi envulopu yawo, katekisiti asangowayamikira n'kuwalozera posayina. Awakhazike pansi, awerenge nawo pepalalo mzere ndi mzere, ndipo pamodzi apeze mayankho a mafunso awa: kodi iyi ndi ngongole, mphatso kapena bondi? Ngati ndi ngongole, chiwongoladzanja chake n'chotani ndipo chimayamba liti? Mwana akalephera mayeso, akadwala kapena akatenga pathupi n'kuimitsa sukulu, ndalama zimene zalipidwa kale zikhala pa mutu pa yani? Wosayina ngati mboni akulonjeza chiyani ndi chuma chake? Ngati ndi bondi, zaka zake ndi zingati, zimayamba kuwerengedwa tsiku liti, ndipo chipatala cha mishoni chikuwerengedwa nawo kodi? Yankho likapanda kupezeka pa pepalapo, bamboyo apite ku ofesi imene idapereka fomuyo akalipemphe molembedwa, ndipo atenge kope la zonse zimene wasayina akasunge kunyumba pamodzi ndi khadi la ubatizo la mwanayo.